Nyimbo za Gunnvor M'kanyumba ka Boti

Pachilumba cha Askøy, kumayambiriro kwa Epulo

Mwana wanga Tordis,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wa thanzi, iwe, mwamuna wako Étienne, ndi kamdzukulu kanga Sindre. Kodi mano ayamba kumera? Nanga chisanu cha ku Montreal chayamba kukusiyani? Kuno tili bwino. Amayi ako a Gunnvor akupezako bwino tsiku ndi tsiku. Bala la pakhosi linapola, msuzi wa nsomba akumwa bwinobwino, ndipo dzulo anandithamangitsa kukhitchini ndi kansalu kopukutira mbale chifukwa ndinadula tchizi mopindika. Mvula ikugwa monga umaidziwira.

Nyimbo yako ija ndaimvera kambirimbiri. Ndi yokoma, mwananga, sindikukunyengerera. Unandifunsa chifukwa chake ikumveka yothithikana chonsecho waikamo mapulagini onse amene uli nawo, tizida tija ta pakompyuta tokonzera mawu. Ndikanakuyankha pafoni, koma pali nkhani ina imene ndikufuna kukuuza, ndipo pafoni sindikanaimaliza.

Tiyambe ndi zako.

Tseka mapulagini onsewo kaye. Tsitsa masipika mpaka pamene ungathe kucheza ndi Étienne osakweza mawu, kenaka linganiza zida zako ndi voliyumu yokha. Nyimbo ikakana kukoma pamenepo, palibe pulagini imene ingaipulumutse.

Gitala wako ndi mawu ako akulimbirana mpando umodzi. Iwe wakhala ukukweza mawu kuti apambane. Usatero. Tenga ikwalaiza, pulagini ija yochepetsa kapena kukweza mbali zina za kamvekedwe, umuchepetse gitalayo pang'ono pamalo pamene pakhala mawu ako, udzaona mawuwo akutulukira okha. Pa ntchito yathuyi timayamba ndi kuchotsa, kuwonjezera kumabwera pambuyo.

Kompuresa wakonso, uja wolinganiza mawu okwera ndi otsika, wamumanga kwambiri. Ukukumbukira mmene ndinkakugwirira kumsana pamene unkaphunzira njinga pamsewu wa kutchalitchi? Dzanja linalipo, koma iwe sunkalimva. Kompuresa azikhala choncho.

Ukamaliza, kaimvere m'galimoto ndi pa kawailesi ka kukhitchini. Ndipo makutu ukaona kuti atopa, tuluka panja. Khutu lotopa limanama.

Tsopano nkhani ija.

Ukudziwa kuti mu Okutobala dokotala anatiuza kuti kholingo la amayi ako liyenera kuchotsedwa, kuti matendawo asafalikire. Iwe unali ndi pakati potopa, ndege sukanakwera, ndipo unalira kwambiri pafoni. Chimene sukudziwa ndi zimene zinachitika pobwerera kunyumba tsiku limenelo.

Tili pakati pa mlatho, nkhungu itaphimba madzi onse kunsi kwathu, amayi ako anatembenuka nandiuza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikujambula nyimbo za ana a eni, anyamata a magitala ophokosera ndi atsikana olira za zibwenzi, koma mkazi wanga sindinamujambulepo. Ndinawakumbutsa kuti ankakana okha, ankati mawu awo ndi a kwaya ya kutchalitchi basi. Anati, “Lero ndavomera. Usachedwe, nkhalamba iwe, mawuwa ali paulendo.”

Situdiyo yanga ya mumzinda anaikana. Anati mumanunkha kapeti ndi khofi wogona. Anafuna kanyumba ka boti ka malemu agogo ako, kumadzi kuja.

Ndiye m'mawa uliwonse tinkatsetsereka kanjira kaja, ine nditanyamula maiki ndi kompyuta, iwo atanyamula fulasiki. Unali mwezi wa nkhungu. Masiku ena sitinkaona ngakhale tsidya lina, ndipo kanyumbako kankakhala ngati kakuyandama pakati pa mitambo. Madzi ankanyambita miyala pansi pa matabwa. Mvula inkagogoda padenga pang'onopang'ono. Amayi ako ankakhala pa boti lotembenuzidwa lija, atafunda juzi yanga yakale, n'kutsinzina.

Mawu awo anali atasasa kale. Pena ankafika pamwamba n'kuthyoka. Ankaima, kumwa tiyi, kutukwana pang'ono, n'kuyambanso. Anaimba nyimbo za kutchalitchi, anaimba zogonetsera ana, anaimbanso ija ya asodzi imene agogo ako ankaimba akaledzera, imene tinkakutseka makutu uli mwana. Pakati pa imeneyo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anandiloza chala kuti ndikadzawamvetsa abusa nyimboyo, iwo adzandizukira.

Tinajambula mpaka tsiku limene mawuwo anakaniratu. Sabata yotsatira anagonekedwa m'chipatala.

Zakuchipatala unazimva zonse. Opaleshoni inayenda bwino, madokotala akuti matenda anawachotsa onse. Koma m'nyumba munali zii. Ine ndikachoka kowaona ndinkapita ku situdiyo, kukhala pansi, n'kutsegula nyimbo zija.

Ndinafuna kuwapatsa mphatso yopanda banga. Ndinatenga pulagini yochotsa phokoso, ndinafufuta mvula ndi madzi ndi mbalame. Ndinadula paliponse pamene ankakoka mpweya. Pamene mawu anatsetsereka ndinawawongola. Kusasa kuja ndinakusalaza mpaka kunatha. Kenaka ndinatsegula pulagini ya eko, ija yochititsa mawu kubwerera ngati agunda makoma, imene ili ndi zipinda za mitundumitundu, ndipo ndinayamba kuwayendetsa amayi ako m'zipindazo: m'holo ya matabwa, m'phanga, m'tchalitchi chachikulu cha miyala chimene sitinapondemo. M'menemo ndi mmene ndinawasiya.

Tordis, mawu amene anatuluka m'masipika anali a mtsikana. Ndikatsinzina ndinkamuona ataima padoko, atavala jekete yachikasu, tsitsi litanyowa, akudikira sitima yopita mumzinda, monga ndinamuonera tsiku loyamba. Ndinkamva fungo la phula ndi mchere. Nthawi zina ankatembenuka kundiyang'ana. Masana onse ankatha ndili pampando womwewo, ndipo ndikatsegula maso ndinkadabwa kuona manja anga ali a nkhalamba. Ndinakhala milungu ingapo ndi mtsikana ameneyo. Kunena zoona, masiku ena ndinkafulumira kuchoka kuchipatala kuti ndikamumvere.

Amayi ako atatuluka n'kupezako mphamvu, ndinawakhazika pabalaza, pakati penipeni pa masipika, ndinawafunditsa bulangete, n'kuyatsa nyimbo yoyamba.

Anamvera mpaka kumapeto osagwedezeka. Kenaka anatenga kachipangizo kawo kaja kamene amagunditsa pakhosi polankhula, kamene iwe umati kamamveka ngati njuchi ili m'chitini. Anati, “Mtsikanayu amaimba bwino. Ndi mwana wa ndani?”

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke.

Anandifunsa kumene ndapita nayo mvula yawo. Anandifunsa kumene kuli kutsokomola kwawo. Ndinayamba kufotokoza za mapulagini, kuti masiku ano aliyense amatero, koma anakweza dzanja. Anati, “Halvard, dokotala anachotsa kholingo. Iwe wachotsa zotsalazo.”

Kenaka analoza kabowo ka pakhosi kamene amapumira tsopano, nati mpweya umene ndinadula uja unali wodutsa pakamwa pawo, ndipo sudzadutsaponso. Anati ngati ndikufuna mtsikana wa padoko ndikhale naye, koma iwo akufuna nkhalamba imene inakhala pa boti lija ikuzizidwa mapazi.

Ndinatuluka, ndinayenda mpaka kumadzi, ndinaima pamenepo mpaka jekete inalowa madzi.

M'mawa mwake ndinabwerera ku situdiyo. Mwamwayi, zojambula zoyambirira sindizigwira, ndimagwira ntchito pa makope. Iwenso uzitero nthawi zonse. Ndinayamba kuzimitsa mapulagini imodziimodzi. Njira yake ndi iyi, uisunge: linganiza voliyumu kuti pulagini ikayaka kapena ikazima nyimbo isakwere, chifukwa khutu limakonda chilichonse chokwera. Ndiye tsinzina, dina kambirimbiri mpaka usadziwenso ngati yayaka kapena yazima, kenaka sankha chimene chakukhudza mtima. Ine pafupifupi nthawi zonse ndikatsegula maso ndinkapeza pulagini ili yozima.

Mvula inabwerera padenga. Madzi anabwerera pansi pa matabwa. Tchalitchi cha miyala chija chinasungunuka, makoma anayandikira, ndipo amayi ako anakhalanso pa boti, pafupi kwambiri moti ndinkamva juzi ikukhuza maiki. Nyimbo iliyonse isanayambe pankamveka kampweya kakang'ono, kokoka mofulumira, ngati munthu amene akufuna kukuuza chinthu chabwino. Ndinakamvera kampweya kameneko mobwerezabwereza. Zaka makumi anayi ndagona pambali pa mpweya umenewo osaumva.

Pomaliza panatsala mapulagini awiri okha: ikwalaiza yochotsa kugunda kwa mafunde kumene kunkanjenjemeretsa masipika, ndi kompuresa wofatsa woti mawu akafooka asamire mu mvula.

Nditawayatsira nyimbozo kachiwiri, anamvera atagwira dzanja langa. Pa nyimbo ya asodzi ija mapewa awo ankagwedezeka. Kuseka kwawo masiku ano kulibe mawu, koma ndi komweko. Itatha anati, “Eya. Ameneyu ndikumudziwa. Amaimba mophonya, koma ndi mkazi wabwino.”

Koma panali nyimbo imodzi imene inkandizunguza. Ndi ija ya mwana wa mbusa amene nkhosa zake zinasochera m'phiri, imene munkaimba awiri potsuka mbale. Pojambula, amayi ako ankaimba mzere umodzi, n'kukhala chete, mvula yokha ikumveka, kenaka n'kuimbanso. Ndipo ankaimba mawu apansi okhaokha, moti nyimboyo inkamveka ngati nyumba yopanda denga. Ine ndinkayesa kuti anali atatopa, ndipo poyamba paja mipata yonseyo ndinali nditaidula.

Ndinawafunsa ngati ndiichotse pa mndandanda. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati sanatope, ndipo sanaphonye. Mipatayo ndi ya Tordis. Anati poimba ankakumva ukuyankha, ndiye akanaimba bwanji pamwamba pa mwana wawo?

Ndinati ndikuuza. Anakana. Anati uli ndi khanda, sugona, uli ndi nyimbo zakozako, ndipo safuna kuti uziimba ukulira chifukwa cha chisoni. Anandiopseza kuti ndikangoyerekeza kukuvutitsa ndidzadya mkate wouma mpaka Khirisimasi.

Ndinawamvera kwa masiku angapo. Koma pali pulagini ina, mwina unaimvapo, imene imaphunzira chipinda. Umapita m'chipindamo ndi maiki, umawomba m'manja kamodzi mwamphamvu, n'kujambula mmene kuwombako kukuzimiririra m'makoma. Ukaipatsa pulaginiyo, mawu alionse amene ungadutsitsemo amamveka ngati anaimbidwa m'chipinda chomwecho, ngakhale anajambulidwa tsidya la nyanja.

Loweruka lapitali, mvula itakata, ndinazemba ndi maiki kupita ku kanyumba ka boti. Dzuwa linkalowa m'ming'alu ya matabwa, ndipo kuwala kwa madzi kunkavina kudenga. Ndinaimika maiki pamalo pomwe paja. Ndinaima pambali pa boti, pamene munthu wachiwiri akanaima, n'kuwomba m'manja. Sizinamveke bwino. Manja angawa ndi onenepa, amangoti phu. Ndinayesanso, ndinayesanso.

Nditatembenuka, amayi ako anali pakhomo, atavala nsapato zanga za mphira, mpango uli pakhosi. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Anagunditsa kachipangizo kaja nati, “Ukuwombera ndani m'manja, poti woimba anapuma ntchito?”

Ndinayamba kunama kuti ndikuyesa maiki. Amayi ako akhala ndi munthu wa situdiyo moyo wawo wonse, ntchito ya kuwomba kumeneku amaidziwa. Anandiyang'ana, anayang'ana malo amene ndinaimawo.

Kenaka anaika kachipangizoko m'thumba, anabwera, anandikankha ndi chigongono kuti ndisunthe. Anaima pamalopo, anandikodola ndi mutu kuti ndiyatse makina. Anatambasula manja. Anawomba kamodzi.

Kunamveka kuti thwa, koyera ngati nthambi youma ikuthyoka m'chisanu. Kunayenda m'makoma, kunakwera kudenga, kunatsikira m'madzi, ndipo tonse awiri tinaima osapuma mpaka kunatheratu. Anandigwira mkono, tinakwera kanjira kaja kubwerera kunyumba, ndipo madzulo ake anaphika makeke aja amene amaphika pakakhala mlendo.

Ndiye pempho langa ndi ili, mwana wanga. Nyimboyo ndakutumizira pa kompyuta, mipata yake ili momwemo. Usafulumire. Tsiku limene mtima wako udzafune, lowa m'kachipinda ka zovala, chifukwa zovala zimameza eko, vala mahedifoni, uwayankhe amayi ako. Usaikemo pulagini ngakhale imodzi. Usawongole kanthu. Mawu akanjenjemera, asiye anjenjemere. Sindre akalira chapatali, usayambirenso. Unditumizire momwemo, zotsalazo ndi ntchito yanga. Ndidzakuimika pambali pa boti, kudzanja lamanzere la amayi ako.

Ngati sungathe, undiuze ine ndekha, ndipo palibe amene adzakhumudwe.

Undiperekere moni kwa Étienne ndi kwa makolo ake. Sindre umupsompsone pachipumi, umuuze kuti agogo ake aamuna akumusungira ndodo yowedzera. Azakhali ako a Oddny akuti zithunzi zimene ukutumiza n'zochepa. Amayi ako sakudziwa kuti ndikulemba, kapena akudziwa, chifukwa andibweretsera khofi kawiri osandifunsa chimene ndikuchita.

Mulungu akusungeni nonse, akupatseni tulo tokwanira, ndipo atifikitse m'chilimwe kuti tidzaonane maso ndi maso.

Ndine bambo ako okukonda,

Halvard