Maudzu a pa Nazale ya a Esau

Lolemba, 12 Seputembala 2011

A Consolata, apampando a komiti ya mkombaphala wathu, anena lero kuti kumaphunziro a alezi ku Boma kupita munthu m'modzi. Ine kapena Anesi. Asankha Lachisanu la sabata yamawa.

Ine ndalemba Folomu 4. Anesi analekeza Sitandade 7. Koma ana onse ndi "a Anesi, a Anesi" basi, ngati anawadyetsa kanthu.

Lachiwiri, 13 Seputembala

Ndawaimbitsa a e i o u mpaka kukhosi gwa. Iwo kumangoyasamula. Anesi wangotulutsa chigoba cha nkhono, onse kuthamangira komweko. Wina akuti mwini wake wapita kuti? Iye osayankha n'komwe, amvekere, "Inuyo mukuganiza kuti ali kuti? Tiyeni tikamusake." Ola lathunthu kuseri kwa tchalitchi, kufukula miyala. Kuphunzitsa kumeneko?

Ndi Tawina yemwe, mng'ono wanga weniweni, woti ndimamusambitsa ndine.

Lachinayi, 15 Seputembala

Anesi wapita ndi ana kudimba kukaona a Esau akufesa fodya kunazale. Ana kudabwa, ati bwanji akungothira madzi, mbewu ili kuti? Anesi wapempha kambewu pang'ono, wawaika m'manja, konga fumbi. Ndiye a Esau kuwaonetsa mmene amasakanizira mbewu ndi madzi m'keni yothirira, kenako kuphimba bedi ndi maudzu.

Tawina wakamba zimenezi mpaka kutsamwa ndi madzi. Ine ndafesa fodya ndi bambo zaka zingati? Sanandifunsepo.

Lolemba, 19 Seputembala

Ndamva a Consolata akuuza mnzawo za ine pamjigo: "Zelesi sukulu ali nayo, koma mawu ngati akupepesa. Uja winayo ana amamukakamira." Ndabwerera chidebe chisanadzaze.

Lachitatu, 21 Seputembala

Anesi kulibe, wapita kukalembetsa makuponi a feteleza pamodzi ndi mudzi wonse. Ndatsala ndi ana ndekha. Manambala sakufuna. Akungoti fodya uja wamera? Wamera? A Anesi abwera liti?

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Si aphunzitsi anu amati kaoneni nokha? Ali pansi pa maudzu. Mukaweruka kavundukuleni."

Sindimaganiza kuti apitadi. Kaya ndimaganiza. Kaya.

Lachinayi, 22 Seputembala

Mabedi awiri. Ana anachotsa maudzu onse dzulo masana dzuwa lili phwee, fodya anali atangoyamba kumera. Wapsa yense.

A Esau afika pasukulu phala lisanapse. "Mukuphunzitsa ana kapena nkhuku zofukula? Kuokera kwanga kuchedwa chifukwa cha inu!" Anesi wagwada, wapepesa, ati ndine ndinawapititsako poyamba. Sanafunse ana kuti anawatuma ndani. Anawo akungolira, ati timafuna tione.

Tawina amandiyang'ana. Ine ndimapukuta makapu ouma kale.

Madzulo wakana kuti ndimusambitse. Amusambitsa amayi.

Lachisanu, 23 Seputembala

Komiti inakhala m'tchalitchi. A Esau analipo. A Consolata anati za kumadimba zathera pompa, ana azikhala pamkeka, ndipo ku Boma apite Zelesi. Anthu m'manja. Anesi nayenso anaomba, ameneyo ndiye wandipweteka kuposa onse. Anandinong'oneza kuti ukabwere nazo nyimbo zatsopano, mnzanga.

Ndimayembekeza kuti ndisangalala. Chikwama ndinachapa kale dzana.

A Esau atayamba kuvala chipewa ndinangopezeka ndaimirira. Ndinati, "Ana aja ndinawatuma ndine. Anesi kunalibe."

Palibe anamva. Apambali okha anatembenuka.

A Consolata anati, "Ukuti chiyani Zelesi? Kweza mawu, mwana iwe."

Ndinakweza.