Nsapato za Wening Ndazibisa

Mlongo wanga Paryono,

Ndikhulupirira uli bwino ku Taiwan kumeneko, ndi kuti nyanja sikukuzunza. Kuno ku Wonogiri Amayi ali bwinoko, bondo lokha ndilo likuvutabe. Mpunga takolola. Moni wathera pomwepa, chifukwa ndakwiya nawe, ndipo ndalemba kalata poti foni umandidulira ndisanamalize kulankhula.

Nsapato zampira unatumizira mwana wako Wening zija zafika. Ndazibisa, ndipo sindipepesa.

Chithere banja lako, mwanayu ndikulera ndine. Iwe umangomuona pa foni n'kumanyadira kuti zaka khumi ndi ziwiri zokha koma watalika kuposa aphunzitsi ake, ati adzatchuka pa mpira wa voli. Ine ndimaona zina. Akangolumpha pang'ono pa ukonde amakanjuta pambali pa bwalo, wefuwefu, dzanja lili pachifuwa. Anandiuza kuti mtima umathamanga ngakhale atangokhala. Chifuwa chake n'cholowa m'kati, ndipo magalasi ake amaso akungokhuthala chaka ndi chaka.

Ndinakuuza zimenezi. Unati walowa mphepo, timukweche. Amayi anamukwechadi msana ndi ndalama yachitsulo ndi mafuta mpaka mizere kufiira psuu, n'kumati taonani, mphepo yatuluka. Mawa lake mwana anagwa pabwalo.

Ndinapita naye ku chipatala chachikulu ku Solo osakufunsa. Dokotala anamuuza kuti azungulize zala pamkono pake, ndipo chala chachikulu ndi chaching'ono zinapitirirana. Atamuunika mtima ndi makina, anati ndi matenda akumtundu otchedwa Marfan, ndipo mtsempha waukulu wochoka mumtima wayamba kufutukuka. Anati akamamwa mankhwala tsiku lililonse n'kumakaunikidwa, akula bwinobwino. Koma akamalumpha ndi kuwomba mpira, mtsemphawo ukhoza kung'ambika.

Kenako anafunsa ngati kwathu kuli anthu ataliatali amene anafa mwadzidzidzi. Paryono, pomwepo ndinakumbukira. Bambo anagwa m'munda wa mpunga imvi zisanamere. Achimwene Sarju anafera pamkeka, msana uli mizeremizere, tonsefe tikuti mphepo yawakhala pachifuwa. Mphepo yanji yosankha anthu aatali okhaokha a nyumba imodzi?

Ndiye iwe, utamva zonsezi, unaimbira mwana n'kumuuza kuti madokotala amangoopseza, azakhali ake ndi amantha, mwana wa Paryono sathawa bwalo. Zoona zimenezo? Mutu wako ukuyenda bwino? Mpikisano wa midzi wa pa 17 Ogasiti, tsiku lokondwerera ufulu wa dziko lathu, wayandikira, ndipo mwanayu wandiuza m'maso muli gwa kuti ndikapanda kumupatsa nsapato asewera wopanda nsapato, chifukwa abambo ake anena. Nsapato ndingabise, koma bwalo ndilibisa bwanji?

Mawu anga sakumva, amamva ako. Muimbire, umuuze ndi pakamwa pako kuti asiye mpira, ndi kuti umunyadirabe. Akalira, alire. Ndimutonthoza ndine, monga mwa nthawi zonse.

Iwenso sitima yanu ikafika padoko upite kuchipatala akakuunike. Usandinamize kuti ulibe kanthu. Zala zakozo ndimazidziwa, ndinkakusambitsa ndine.

Amayi akuti moni, ndipo za Bambo ndi Achimwene sindinawauze. Undiperekere moni kwa anyamata akwathu amene muli nawo m'sitimamo. Allah akusunge panyanjapo, ngakhale wandipsetsa mtima chonchi.

Chaka chilichonse Ramadhani ikayandikira, ndimapita ndekha kukalambula manda awiri ndi kuthirapo maluwa. Ukapanda kumuimbira mwanayu, achitatuwo udzabwera kudzalambula wekha.

Ndine mlongo wako,
Darsih