Maungu Anu Akumwa Madzi a M'botolo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Poti mumandidziwa ndi mafunso anga, ndiyambiretu: kodi kumeneko mvula imagwa mwezi wanji? Kuno ku Cape Town imagwa nthawi yozizira, June ndi July, ndipo zaka zino ikungolawitsa. Madamu aphwa, madzi a pampopi tikuchita kupimiridwa, kuthirira nawo mbewu n'koletsedwa.

Chichokereni inu ndinabereka mwana wamkazi. Anatenga chipumi chanu, ndi ukali wanu womwe akachedwa kuyamwa. Tikukhalabe ku Delft. Ine ndidakali pa famu ya ndiwo zamasamba ija, akamwini anu a Banda akusenza matumba a anyezi kumsika wa ku Epping.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya nthanga zanu za maungu. Maliro anu atatha ndinatapako pang'ono m'chikho chija munkapachika kudenga. Zotsalazo achimwene a Limbani anadzala kumudzi, dzuwa linapsereza zonse. Ndiye kuti mtundu wa maungu anu, aufa aja, osafuna shuga, watsala ndi ine ndekha m'dziko la mchenga ndi mphepo.

Akamwini anu anatsala pang'ono kuumaliza mtunduwo. November atakwana, chizolowezi cha kwathu chinawagwira. Anaunda mizere ikuluikulu kuseri kwa nyumba, n'kudzala, n'kumayang'ana kumwamba. Aneba ankasuzumira pampanda kufunsa ngati tayika munthu pamenepo. Mvula sinabwere, mphepo inasesa mizere, timaungu tonse tinauma. Ndinalira, Amayi, osati pang'ono.

Paja munkati safunsa adadya phula, ndiye ndinayamba kufunsafunsa kuntchito. Kumeneko abwana anachotsa mapaipi owaza madzi m'mwamba, ati madzi ambiri amangopita ndi mphepo. Anayala timapaipi takuda tobowolabowola, madzi amangodontha patsinde, pamwamba n'kuphimbira udzu. Ine ndinkaona ngati tikuzunza kabichi. Inu kudimba munkathirira mpaka madzi adikhe, mukuti mbewu ndi mlendo, sapatsidwa madzi a pasupuni. Nditamuuza zimenezi kapitawo wathu, mayi wachiXhosa, anaseka, n'kundigwira chala kuchilowetsa m'dothi. Pamwamba pouma gwa, pansi chinyezi chokhachokha. Mpaka lero ndimadabwa kuti timadontho timeneti timakwana bwanji kukhutitsa mutu wonse wa kabichi.

Ndinakayesa kunyumba. Nthanga zomaliza ndinadzala m'timaenje, osati pamizere, ndi manyowa pang'ono. Pambali pa phando lililonse ndinakwirira botolo lobowola ndi singano. Madzi ake ndi otsukira mpunga ndi otsala posambitsa mwana. Kodi mukanalola kuti maungu anu azimwa madzi osamba munthu? Ndikukuonani mukukwinya nkhope.

Phando limodzi lokha ndi limene lapirira. Layanga mpaka pampanda, ndipo sabata yatha ndapeza kadzungu pansi pa masamba, kamodzi kokha. A Banda akuti tithyoleko nkhwani, ati sipinachi wawakola. Ndawauza kuti akakhudza tsamba ngakhale limodzi azikagona ku Epping komweko. Koma zoona zake, nanenso ndimameza malovu ndikamadutsa pamenepo.

M'mawa ndisanapite kukakwera tekisi ndimadzaza botolo, n'kugwada kukayang'ana kadzungu kaja. Pamenepo m'pamene ndimakusowani kwambiri. Inu dzungu munkangoligogoda ndi chala, n'kudziwa kuti lakhwima. Kodi munkamva chiyani m'katimo? Ndinakufunsani zambiri, koma chimenechi ayi, poti ndinkayesa mudzakhalapo nthawi zonse kuti muzindigogodera.

Ndiye ndikulonjeza kuti sindilithyola msanga. Ndidikira mpaka tsinde lake liume lokha, ndipo nthanga zoyamba zipita kwa achimwene, zikamerenso m'munda mwanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eliza