Kodi Munawasiya Akupuma?

Khwethemule, Thyolo
Novembala, 1923

Okondedwa alamu a Anderson,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu ku Halale komweko. Kuno tikudzuka, kungoti Teleza, mwana wa achimwene anu a Douglas, chifuwa sichikumusiya. Tiyi waphukira ndi mvula yoyambayi, tikuthyola mpaka zala kuuma.

Nkhani ndi ya thandizo lija boma limatipatsa ife amene amuna athu anatsala ku nkhondo atapita pa mtengatenga, kukasenza katundu wa asilikali. Chaka ndi chaka kalaliki amabwera kudzaona ngati tikuyenerabe kulandira. Amatiimika pakhonde la sitolo ya esiteti ya tiyi, aliyense anene ndi pakamwa pake kuti mwamuna wake anafa.

Ine ndimanena. Koma ndikangotero, a Douglas amayamba kundilondola m'munda wa tiyi. Dzuwa lili paliwombo, ndimamva kukhosomola kwawo kuja kumbuyo kwanga. Ndikacheuka ndimangoona masamba akugwedezeka, mphepo palibe. Mantha ndili nawo, sindikubisirani.

Chaka chino kwabwera kalaliki wina, wokhwimitsa zinthu. Akuti amasiye tachuluka, ntchito yamukulira, ndiye wagawana midzi ndi amesenjala ake, ndipo kwathu kuno afika mwezi wamawa. Akuti mawu okha sakukwanira. Aliyense aloze manda, wopanda manda amuchotsa.

Anzanga apeza kale njira. Mayi Marita adula thunthu la nthochi, alikulunga m'nsalu, aliika m'manda monga timachitira munthu akapita ndi madzi. Ameta, abale a mwamuna awasudzula, zatha. Akuti nanenso nditero, poti nthochi zili mbwee kuseri kwa nyumba. Dzulo ndinatenga chikwanje, ndinafika pa nthochipo, koma mkono unakana kukwera.

Alamu, inu munali nawo limodzi pa ulendowo. Mutabwera munangoti anagwa ndi katundu panjira ndipo asilikali sanalole kuti muime. Nditafunsa zambiri munazolika, posakhalitsa tinangomva kuti mwakwera sitima. Sindikukuimbani mlandu ayi, chikoti cha asilikaliwo chinkagwa pamsana panu inunso.

Ndiuzeni chimodzi chokha. Munawasiya akupuma?

Ngati anali atatsirizika, bwerani mudzaike nthochiyo ndi manja anu, mundisudzule, tiloze manda, Teleza apitirize kudya. Ngati anali akupuma, nenani, musandimvere chisoni. Thandizolo lipite, ndidzathyola tiyi mpaka msana kupindika. Ndatopa kupha munthu ndi pakamwa chaka ndi chaka, ndipo kumukwirira ali moyo sindingathe.

Yankho lifike kalalikiyo asanafike. Mundiperekere moni kwa akunyumba kwanu ndi ana onse. Mulungu akusungeni m'dziko la eni akelo, akupatseninso mphamvu yolankhula.

Ndine mlamu wanu,
Lestina,
mkazi wa a Douglas kapena wamasiye wawo, mudzanena ndinu.