Mbuzi za Dzinja

Wokondedwa mwana wanga Overton,

Kaya uli bwanji kumeneko ndi apongozi anga? Kuno ku Nambuma tili bwino, bondo lokhali ndilo likundinyenga. Akundilembera ndi mlongo wako Hana, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo mawu ngakhale amodzi.

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi a Catherine, anzanga a kumvano aja. Akuti a khansala anabwera pamsonkhano kudzawerenga lamulo la ziweto limene akufuna kukavomereza ku khonsolo, nanena monyadira kuti anawakonzera ndi mwana wa konkuno, iweyo. Ine pomva ndinayamba kuyenda ngati mtsikana.

Koma akuti lamulolo likuti mbuzi zizimangidwa m'dzinja pofuna kuteteza madimba. Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Mwanawe, m'dzinja ndani samanga mbuzi, chimanga chili m'munda? Madimba timalima mvula itatha, kukayamba kuzizira, mbuzi zitatayiriridwa. Hana akuti mwina m'Chingerezi munalemba nyengo yozizira, ndiye potembenuza panagwa dzinja. Kaya. Ine sukulu ndinangoiona denga. Koma pano pachigayo akukutchula kuti Bambo Dzinja, ndipo a khansala akuti ayamba kufunsa ngati owathandiza awo anagwirapo khasu.

Tsono Lachiwiri mbuzi za malume ako a Ignatius zinalowa m'dimba mwanga n'kumaliza mpiru wonse. Nditawapitira, anandiyankha akusenda nzimbe kuti iwo ndi munthu womvera boma, adzamanga mvula ikagwa monga wanenera iweyo, mwana wa mlongo wawo. Ndinawauza kuti mpiru ndibzala wina, koma akamaseka iwe akudziseka okha, pakuti amene anakuphunzitsa kumanga mbuzi mfundo yosapotokola khosi ndi iwowo. Anangoti ndimalongolola ngati wailesi.

Pempho langa ndi ili. Akuti makhansala akumana mwezi ukubwerawu. Chotsa liwu limenelo lisanadindidwe, ndipo ubwere wekha udzawerenge lamulolo pamaso pa anthu. Usatume munthu. Woseka amasiya akakuona nkhope.

Ndisaiwale. M'mawa mwake nditapita kudimba ndi ndowa, ndinapeza mbuzi zonse zili pazikhomo, malume ako akumangitsa yomaliza. Ndinawafunsa ngati mvula yagwa usiku ine osamva. Iwo osandiyang'ana n'komwe, anati ndikuuze kuti kwa iwo dzinja layamba lero, kuti wina asanene kuti mwana wa mlongo wawo analemba bodza. Koma ufulumire, chifukwa zingwe zawo n'zakale.

Undiperekere moni kwa amayi a ana ndi kamdzukulu kanga Loyce. Ambuye akusunge, akupatsenso mawu oyenera.

Ndine mayi ako,
Nabanda