Chiwindi Chimene Anadya Alonda

Lachiwiri, 3 Juni

Kabwana wagona. Ndikulemba chiimirire, chifukwa ndikangokhala pansi ndiye kuti nane ndapita. Mwana sanathe ndi mwezi womwe koma nyumba yonse ikumugwadira, n'chifukwa chake dzinali lamukanirira.

Masana kwabwera foni yochokera kuchipatala. Anamwino. Akuti magazi aja anamutenga kuchidendene tisanatuluke ali bwino, kupatula chinthu chimodzi chokha, hisitidini, wachuluka. Ndinawapempha kuti abwereze, ndinalemba pachikhatho ndi pensulo ya nsidze. Akuti ndikaonane ndi adokotala a ana Lachisanu sabata yamawa. Ananenanso zina, zoti ndisade nkhawa ndi zina zotero, koma Kabwana anali atatsegula kukhosi ndipo apongozi anali kukhitchini akumenyanitsa mapoto. Ndisade nkhawa! Kukanakhala kuti palibe kanthu akanaimbiranji?

Apongozi anafunsa kuti anali ndani. Ndinati a kampani ya mafoni, akutsatsa mabandulo. Bodza linangotuluka lokha.

Bambo ake ali paulendo ndi lole, abwera kumapeto kwa mwezi. Sindinawauze. Munthu ali pachiwongolero sumamuuza zotere.

Lachitatu, 4 Juni

Wabwera Wailesi. Mng'ono wangayu akayamba kuyankhula mpaka batire ithe. Amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa zitini za ufa uja amamwa anyamata onyamula zitsulo, ndiye nditangomuonetsa mawu a pachikhatho anati, "Aa, uyu ndimamudziwa, amalembedwa pachitini chilichonse!"

Tinadzitsekera kuchipinda. Akuti hisitidini ndi kamodzi mwa tizidutswa timene timapanga mapuloteni. Thupi silimupanga lokha, timamupeza m'zakudya: nyama, nsomba, mazira, mkaka, nyemba. Kenako anandiyang'ana pachifuwa. "Asisi, zimene mukudyazi ndi zimene akuyamwa. Ndiye mukumuthira tsiku ndi tsiku."

Sanalekere pomwepo. Anafufuza pafoni n'kupeza pamene analemba kuti ana ena otere ankachedwa kuyankhula. Anawerenga mokweza. Tonse tinaganiza za achimwene athu, amene anayamba kuyankhula anzawo ali kale kusukulu, mpaka lero mawu amachita kuwakoka.

Ine ndinakumbukiranso tsiku limene apongozi anabwera kwathu koyamba. Achimwene atawapatsa moni, iwo anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa, chapansipansi koma ndinamva, "Kodi zimenezi n'zakumtundu?" Funso limenelo likadali m'khutu mwangamu.

Ndiye basi. Mpaka Lachisanu lija sindidya chilichonse chokhala ndi hisitidiniyo, ndizingomutcha H. Ndipo apongozi asamve.

Lachinayi, 5 Juni

Kunena n'kosavuta. Apongozi anabwera kuno ndi ntchito imodzi yokha, kundinenepetsa. Anasiya nyumba yawo, anakwera mabasi tsiku lonse, ndipo m'mawa uliwonse amatsika masitepe onsewa ndi mawondo awo otupa kukasankha okha nyama kubutchala, chifukwa akuti ine sindidziwa kusankha. Sanandiuzepo mawu okoma chikwatiwire. Amangobwera ndi mbale n'kuti, "Mayi a mwana, idyani, zizizira."

Lero chiwindi chokazinga ndi anyezi. Fungo lake, Ambuye! Ndinati ndikadyera kuchipinda poyamwitsa. Ndinadya mpunga wokhawokha, chiwindi ndinachikhuthulira m'kajumbo. Kutaya chakudya sindingathe, manja amakana. Potsika kukataya matewera ndinawapatsa alonda a pageti. Anavula chipewa, anathokoza mpaka manyazi kundigwira.

Mbale inabwerera kukhitchini ili mbee. Apongozi anaitembenuza uku ndi uku n'kuti, "Ehe. Mwayamba kukhala munthu."

Loweruka, 7 Juni

Mpunga, kabichi, tiyi wopanda mkaka. Dzulo mazira anapita kwa alonda, lero nkhuku.

Wailesi watumiza uthenga wa mawu wautali ngati ulaliki. Akuti waganiza, mkaka uliwonse uli ndi H. ngakhale ndisale bwanji, ndiye ndizimuyamwitsa pang'onopang'ono, asamachite kukhuta ndi kukhuta. Ndayamba lero. Akangoyamba kukoka bwino, timaso tatseka, ndimalowetsa chala m'kamwa n'kumuchotsa. Amandiyang'ana kaye ngati sakukhulupirira, kenako nyumba yonse imadziwa.

Apongozi pakhomo la chipinda: "Mwanayu sakukhuta. Mukumuchotseranji msanga?" Ndinati mawere akupweteka. Anapita, anabwera ndi kansalu konyika m'madzi ofunda. Ndinalandira, ndinathokoza. Ndikudzida.

Lamulungu, 8 Juni

Aimba bambo ake ali pamalo ena oimikapo malole, mphepo ili wuu m'foni. "Bwana wanga akukula?" Akukula. "Amayi sakukuvutitsa?" Ayi. "Ukumveka wotopa." Ndinati mwana ndi ntchito, iwo anaseka n'kuti akumubweretsera nsapato za mpira. Mwana wosatha n'kudzutsa mutu womwe.

Ndachita chizungulire poyanika matewera. Ndinagwira chingwe, chingwe n'kuduka, zonse pansi. Ndinachapanso. Sindinalire, mphamvu zolirira palibe.

Lolemba, 9 Juni

Mawere apepuka. Kabwana akulira mawu osasa.

Lachiwiri, 10 Juni

Zaululika, ndipo sizinaululike bwino.

Ndinali pawindo ndikumuguguda Kabwana kumsana. Apongozi akuchokera kubutchala, jumbo m'manja, akupumira pageti monga amachitira asanayambe masitepe. Alonda anadzuka pampando, chipewa m'manja, mawu onse pamtunda: "Amayi, Mulungu akudalitseni! Chiwindi chija cha tsiku lija, ine chibadwire sindinadyepo chofewa chotero. Nkhuku ija ndinagawirako akazi anga. Dzanja lanu ndi lodala!"

Ndinaona apongozi ataima. Anafunsa kanthu, sindinamve. Alonda analoza m'mwamba, pawindo pamene ndinaima ine, akumwetulira, osadziwa kuti andiulula.

Anatenga nthawi yaitali kukwera. Atalowa anaika nyama m'furiji, anasamba m'manja, anakhala pampando n'kutsegula wailesi. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Masana anadziphikira kambale kawo, ine anangoti, "Mpunga uli m'poto, mayi a mwana. Musavutike n'kutsika masitepe lero."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. M'maganizo ndinaona nkhope ya achimwene. Ndinatseka.

Lachitatu, 11 Juni

Sikelo. Ndapita ndekha, apongozi akuti mawondo.

Kabwana watsika. Osati kuima, kutsika. Anamwino a kusikelo anamuika kawiri poganiza kuti sikelo yalakwa, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, mukudya inu? Milomo yachita kuyera chonchi?" Ndinati ndikudya. "Nanga mwana akuyamwa mpaka kusiya yekha?" Ndinayang'ana pansi. Anati akapanda kukwera sabata yamawa amugoneka m'chipatala. Ndinafuna kuwafunsa za H. koma kumbuyo kwanga kunali mzere mpaka panja, aliyense khutu lili tcheru, ndipo wina anali atayamba kale kuvula mwana wake.

Pomuveka ndinaona kuti malaya aja ankamuthina m'khosi tsopano akulowa chala. Ndikamuyamwitsa ndikumuthira chinthu choipa, ndikamumana akutha ndikuona. Nanga nditani ine? Ndili ndi mantha, ndipo ndatopa moti ngakhale manthawo ndikuwamva ngati a munthu wina.

Wailesi waimba. Sindinayankhe.

Lachinayi, 12 Juni

Apongozi achapa zovala zawo zonse, asita, apinda. Chikwama chatsika pamwamba pa wadirobu.

Ndinawamva pakhonde akuyankhula pafoni ndi mng'ono wawo, ndipo iwo sadziwa kunong'ona. "Ndikubwera mawa, basi ya masana... Ayi, sitinayambane... Amanyansidwa nane, mwana wa eni. Chakudya changa amapatsa alonda... Eee, mbale ine n'kumatsuka ndikusangalala... Mwina amaganiza kuti ndimathiramo kanthu." Apo ndinamva akumina.

Sindinaganizepo zimenezo. Ine maganizo onse anali pa zimene adzanene za kwathu, osaona zimene akuganiza kuti ine ndikunena za iwo.

Madzulo anamunyamula Kabwana nthawi yaitali, akumuyeza m'manja ngati mmene amayezera nyama. Anati, osandiyang'ana, "Wapepuka mwanayu." Anandibwezera.

Lachisanu, 13 Juni

Kuchipatala m'mawa. Benchi yolimba, mzere, mwana wina akusanza. Potuluka m'nyumba chikwama cha apongozi chinali kale pakhomo, nsapato zawo zoyendera zili pamwamba.

Adokotala a ana ndi mayi wamng'ono thupi, wa imvi, magalasi ali pachipumi ndipo anawafunafuna patebulo ponse. Anayang'ana zotsatira n'kuti, "Aa, ndi izi? Nanga watsikiranji mwanayu?" Basi pomwepo ndinamasuka ngati mpopi. Ndinanena zonse, zitini za Wailesi, achimwene, kajumbo, chala m'kamwa. Anandisiya mpaka ndinamaliza, anandipatsa tishu.

Ndilembe zimene ananena ndisanaiwale. Thupi la Kabwana limachedwa kuphwanya hisitidini wotsala, ndiye amaoneka wambiri m'magazi. Adzamuyezanso kuti atsimikize ndipo azimuona akamakula, koma ana ambiri otere amakula ngati anzawo, osamwa mankhwala, osasala chakudya. Za kuchedwa kuyankhula, akuti kale ankaganizadi choncho chifukwa ankayeza ana okhawo amene anali kale ndi mavuto. Atayamba kuyeza ana onse pobadwa n'kumawatsatira, anapeza kuti sizikugwirizana. Ndipo hisitidini si poizoni. Mwana amamufuna kuti akule, kuti apange magazi, kuti khungu likhale bwino. Kumumana ndiye kumupweteka.

"Komanso inu," anatero, "mukasala mazira mkaka susintha kwenikweni. Thupi limangobudula minofu yanu n'kumupatsa mwana. Mwakhala mukudzidya nokha, mayi."

Ndinafunsa ngati zachokera kwathu. Anaseka pang'ono. "Kwanu ndi kwawo. Mwana sakhala nazo pokhapokha atatengera kwa mayi ndi kwa bambo omwe. Palibe wolakwa." Kenako anandiuza kuti ndimuyamwitse pomwepo iwo akuona, ndipo ndisamuchotse. Anakoka, anakoka, analusa chifukwa mkaka ukubwera pang'ono, anakokanso. Akuti ubwerera ndikamamuika pafupipafupi n'kumadya ngati munthu. "Kunyumba alipo wokuphikirani?" Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma n'kunyamula mwana.

Minibasi inaima paliponse, ngakhale pamene panalibe munthu. M'njira monse ndinkakonza mawu. Ndinali nawo abwino, oyambira pa "kwanu ndi kwawo", ndipo sindinama, ndinkafuna ndione nkhope yawo ndikamawauza.

Pageti alonda anavula chipewa koma sanandiyang'ane. Anati, "Amayi sanatsike."

Ndinawapeza atakhala pampando wa pakhomo, atavala kale nsapato ndi juzi, chikwama pamiyendo, tikiti m'manja. Ndinaima ndikupuma wefuwefu, mwana pachifuwa. Mawu onse aja anathawa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinati, "Amayi, ndili ndi njala."

Anakweza mutu n'kundiyang'ana. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuwauza, mosalongosoka, za foni ija, za magazi, za chimene ndinkaopa kuti anena. Za funso lawo lija ndinanenanso. Anakwinya nkhope, akuti sakulikumbukira. Mwina n'zoona. Za "kwanu ndi kwawo" sindinafikeko.

Anapinda tikiti ija n'kuitambasula. Kenako anati, "Ndiye sabata yonseyi mwana wa eni mumagona ndi kabichi? Ine ndili m'nyumba momwemo?" Anapukusa mutu. "Uchitsiru wake!"

Anaika chikwama pansi, anadzuka akugwira khoma, analowa kukhitchini ndi nsapato zoyendera zomwezo. Ndinamva furiji ikutseguka, kenako mafuta akulira m'chiwaya.

Ndikulemba ndi dzanja limodzi, Kabwana ali pabere ndipo sindimuchotsa. Angoitana kumene kuchokera kukhitchini: "Mayi a mwana, bwerani mudyere pano. Pamaso panga."