Ndowa ya Mowa Yaphulika Kuchipinda

Amake Ivy,

Musakuwe mukalowa kuchipinda. Ndowa yofululira mowa ija ndinagula ndi timapaketi take ku Chipata yaphulika. Pepala lake linati kabowo ka pachivundikiro kazitulutsa mpweya, koma ine ndinakatseka ndi phula poopa ntchentche. Chivundikiro chakagunda malata, thovu mpaka pakama!

Choipitsitsa, bulauzi yanu yoyera ya Mvano inali pachingwe pamwamba penipeni pa ndowayo. Ndayichapa kawiri, ikununkhabe ngati shabini. Ndathamangira ku Mkanda panjinga kukabwereka ya achemwali anu, ndifika belu la kutchalitchi lisanalire. Tsegulani mawindo, koma zotsala m'ndowamo musataye, chonde.

Amayi busa akafika msanga kudzakutengani, muwalandirire panja, pansi pa mtengo wa mango. Akafunsa za fungolo, musaname ayi. Ingonenani kuti munakwatiwa ndi chitsiru.

Pepani,
Jailosi